Nsomba Yokazinga Pakati pa Shiravani

Malvan, 24 Julaye 1986

Mwana wanga Digambar,

Ndikhulupirira uli bwino ku Muscat kwakoko, ngakhale kuti munthu amene ali bwino amalembera mayi ake. Ine ndilipo, bondo ndi lomwe lija. Mvula ikugwa usana ndi usiku, ndipo denga la kukhitchini likudontha pamwamba penipeni pa mbaula. Ukalandira malipiro uganizireko za matailosi.

Koma sindinatenge cholembera chifukwa cha denga. Nkhani ndi mkazi wako.

Pamene unabwera kudzandiuza kuti ukukwatira mlongo wa mnzako wa kuntchito, mtsikana wa ku Gorakhpur, kumpoto kumene sitima imayenda masiku awiri, ine ndinavuta? Ndinafunsa funso limodzi lokha: nsomba amadya? Unati amadya mpaka minga. Ndipo zoona, chichitikireni ukwati wanu mu Epulo, Dulari wakhala akudya bwinobwino, sindinadandaulepo. Koma Lachiwiri, mwezi utangokhwima, ndinakazinga nsomba zouma ndi anyezi, zija iwe umanyambita nazo mbale, iye n'kukankhira mbale kumbali. Lachitatu Vatsala woyandikana nafe nyumba uja anatipatsa nkhanu, anakananso. Akungodya mpunga ndi mchere ngati wandende.

Nditamufunsa, akuti Shiravani wayamba, mwezi woyera sadya zankhuli. Ine! Kundiphunzitsa ine za Shiravani! Ndinayamba kusunga mwezi umenewu iye asanabadwe. Ndinamukokera pa kalendala ya pakhoma n'kumulozera ndi chala kuti tidakali m'mwezi wa Ashadi, Shiravani alowa mwezi ukafa, kwatsala masabata awiri athunthu. Anangoyang'ana pansi. Ndinamuuza kuti bodza limenelo akanamire kwawo.

Ndikudziwa chimene chikuchitika. Chakudya changa chamukwana, ndiye m'malo monena wabisala kumbuyo kwa Mulungu. Umulembere. Unamubweretsa ndiwe.

Mayi ako,
Shevanta

Malvan, 29 Julaye 1986

Kwa inu,

Ndagwira mapazi anu mwaulemu. Muli bwanji kumeneko? Achimwene anga a Baijnath mukuonana nawo? Muwakumbutse kuti ali ndi mlongo. Dzina lanu ndalemba pa envelopu pokha chifukwa a positi sangakupezeni popanda ilo, Mulungu andikhululukire, poti kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake.

Sindikudandaula, ndikungofunsa. Kodi kwanu kuno Sawani, amene inu mumati Shiravani, anthu sasunga? Anayamba sabata yatha. Kwathu pano mayi anga abisa kale anyezi ndi adyo, bambo asiya kumeta, ndipo Lolemba lililonse akazi amasala mpaka madzulo kupempherera amuna awo kwa mulungu Shiva. Dzulo ndinasala chifukwa cha inu, osamwa ngakhale madzi. Amayi anu anadzakhala patsogolo panga ndi mbale ya nsomba zouma, akutafuna mokweza, n'kumati kukoma kwake. Anabwereza kangapo, mwina poganiza kuti chilankhulo chawo sindikumva.

Ndinawauza kamodzi, anati ndikunama, n'kundionetsa kalendala. Kalendala imeneyo anapatsidwa ulere ku sitolo ya feteleza, ndiye sindikudabwa. Koma zimenezo sindinanene. Ziwaya ndikutsuka ndine, fungo limandikakamira m'manja, ndipo ndimasamba kawiri ndisanayatse nyale ya milungu.

Ndikuganiza kuti chimwalirireni bambo anu, amayi asokonezeka masiku. Musawakalipire, ndi achikulire. Ndikusala m'malo mwa tonse atatu kuti tchimo lisagwere nyumba.

Nanga inu kumeneko mukusunga?

Wanu,
Dulari

Malvan, 4 Ogasiti 1986

Digu,

Yankho lako sindinalione, matailosi sindinawaone, koma pali nkhani.

Dzulo linali Lamlungu lomaliza Shiravani asanalowe, ndipo ukudziwa mmene timachitira potsanzikana ndi zankhuli. Ndinapha tambala wofiira uja. Amalume ako a Sakharam anabwera ndi nkhanu m'dengu ndi kabotolo kawo m'thumba. Aliyense anadya mpaka kumasula nsalu m'chiuno. Mkazi wako anatumikira onse, koma atavundukula poto wa nkhuku anatseka mphuno ndi nsonga ya nsalu yake ya sari n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Pamaso pa alendo! Ndinadzuka kuti ndimutsatire ndi chipande.

Vatsala ndiye anandigwira mkono n'kunditsina khutu. Akuti iwe Shevanta, wabereka ana anayi koma maso ulibe? Mtsikana wokwatiwa mu Epulo, mwamuna wachoka kumapeto kwa Meyi, lero akunyansidwa ndi fungo la nsomba, nkhope yaonda, akusambasamba, akupempherapemphera, ndiye ukuti n'chiyani?

Mwana wanga, ndinakhala pansi. Za Shiravani zija kunali kubisa chabe, manyazi a mimba yoyamba. Inenso pa mimba yako ndinanamizira mutu miyezi itatu. Sindinamufunse, zinthu zimenezi safunsa, zimathawa. Koma ndamuletsa kutunga madzi pachitsime, ndipo m'mawa uno ndamupatsa mango osapsa a mumchere. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anadya.

Za matailosi zisiye kaye. Usagule kanthu kalikonse ka mwana, ndi tsoka kugula asanabadwe. Ndalama zokha tumiza, ndisunga ine.

Mayi ako,
Shevanta

Muscat, 8 Ogasiti 1986

Wokondedwa Dulari,

Makalata awiri afika tsiku limodzi, yako ndi ya amayi ya pa 24 Julaye. Ndawawerengera padenga la hotela, pakati pa makina oziziritsa amene ndikukonza. Wina akuti Shiravani wayamba, wina akuti sanayambe. Ine kuno mwezi sindiuona, ndimagona msanga. Ndinafunsa Baijnath, akuti iye amangodziwa Lachisanu chifukwa ndi tsiku lopuma. Zoti ndikusunga kapena ayi tidzakamba ndikadzabwera.

Mmene ndikuonera ine, iwe unangofulumira chifukwa cha changu, ndipo kuyamba msanga si tchimo. Chachikulu n'chakuti mwezi ukatha umathera aliyense. Ndiye mvera nzeru za mwamuna wako. Amayi akuganiza kuti ukunyoza nsomba zawo. Sawani akangotha, tsiku loyamba lomwelo, upite kudoko ukagule nsomba yaikulu ya surumayi, usanyinyirike mtengo. Uikazinge wekha ndi adyo wambiri mmene iwo amakondera, ndipo akamalowa akupeze ukudya ndi manja onse. Usawauze kuti n'chiyani, chikhale chodzidzimutsa. Ndimawadziwa amayi anga, adzalira ndi chimwemwe.

Nkhani za akazi zimaoneka zovuta, koma zimangofuna munthu woganiza.

Mwamuna wako,
Digambar

Muscat, 8 Ogasiti 1986

Amayi,

Ndagwira mapazi anu. Ndalama ya matailosi ibwera mwezi wamawa, abwana akuchedwetsa. Za Dulari musadandaule, zonse ndikuzidziwa, ine ndi iye tamvana. Posachedwapa akuonetsani chinthu chimene mwakhala mukuchilakalaka. Sindinena zambiri, mudzaona nokha. Bondo muzilipaka mafuta.

Mwana wanu,
Digambar

Malvan, 12 Ogasiti 1986

Digu,

Ukadali chete, koma lero sindikukalipira, uli ndi mwayi. Shiravani weniweni walowa, ndipo nyumba ino ili pa mtendere umene sindinauone chimwalirireni bambo ako.

Mkazi wakoyu makolo ake anamulera, ndivomereze. Lamlungu linali tsiku lolemekeza njoka, ndipo sindinachite kumuuza kuti lero sitidula kanthu ndi mpeni. Ndikudzuka ndinapeza wabisa kale mipeni, mkaka wa njoka wauika pachulu. Vatsala mpongozi wake anadula dzungu m'mawa womwewo, ndipo ndinaonetsetsa kuti Vatsala wamva za wathu.

Chondivuta ndi Lolemba. Munthu mmene alilimu n'kusala osamwa madzi? Dzulo ndinamuthamangitsa ndi kapu ya mkaka kuzungulira mtengo wa kokonati, ine ndi bondo langali. Anakana, akuti akusalira iwe. Ndinati mwamuna wako ali ndi mafuta okwanira, samala za wina wofunika. Sanamve chimene ndikutanthauza, kapena ananamizira kusamva. Mapeto ake tinasala tonse, ndipo madzulo tinakathira madzi kwa Shiva limodzi, iye atanyamula maluwa, ine ndikumutchingira anthu kuti asamugunde. Titabwerako ndinamupaka mafuta m'tsitsi. Ali ndi tsitsi labwino, mwana adzatengera.

Wonyamula makalata ndamuuza kuti akadzabweranso wopanda kalata yako asadzalowe pageti.

Mayi ako,
Shevanta

Muscat, 16 Ogasiti 1986

Dulari wanga,

Kalata ya amayi ya pa 4 yafika. Zoona nkhani ngati imeneyi ndimve kwa amayi? Ndagula maswiti, ndagawira onse pakampani, ngakhale kapitawo amene sitimwerana naye madzi. Baijnath analira, akuti akhala malume. Usanyamule zolemera. Nsomba ija usaiwale, akuti imalimbitsa mafupa a mwana.

Bambo wa mwana wako,
Digambar

Malvan, 21 Ogasiti 1986

Digambar,

Za moyo wako sindifunsa. Munthu wolemba makalata ngati ako moyo ali nawo wambiri.

Kalata yako ya pa 8 ija inafika Lolemba. Ndinafunsa mkazi wako kuti chondionetsa chija n'cha liti. Anamwetulira mwamanyazi n'kuti Lachitatu ndikabwerako kukachisi. Lachiwiri mwezi unakhwima, asodzi anaponya kokonati m'nyanja n'kutulutsa mabwato awo monga amachitira chaka chilichonse. Iwo ndi asodzi, ali ndi zawo. Ife a banja la Parab Shiravani timamusunga mpaka mwezi ufe, ndipo iwe ukudziwa zimenezo, kapena unkadziwa.

Lachitatu ndinavala sari yobiriwira ija. Ndinaitana Vatsala, akazi a ansembe athu a Kelkar, ndi amayi ena amene timawerenga nawo mabuku oyera kukachisi, kuti adzamve okha. Ndinagula ndi zibangili zoveka woyembekezera. M'njira Vatsala ankaimba nyimbo yogonetsa mwana.

Fungo linatichingamira pa mtengo wa mango. Akazi a ansembe anati mwina likuchokera kudoko. Ndinati inde, ndi mphepo. Titafika pageti ndinatinso ndi mphepo. Titalowa m'khitchini tinapeza mphepo ija itakhala pamphasa, itapinda miyendo, mutu wa surumayi uli m'manja, mafuta akutsikira kuchigongono. Inandiyang'ana n'kuti, "Amayi, chonona ndakusungirani."

Pakati pa Shiravani, Digambar. M'chiwaya changa, pansi pa kashelefu ka milungu, ndi adyo. Akazi a ansembe anatuluka chambuyo. Vatsala ndi mlomo wake uja anafunsabe za mimba, mtsikana n'kuti mimba yanji. Pofika madzulo Malvan yense anali atamva, mpaka wogulitsa nsombayo anabwera kudzapepesa.

Anthu akamadya, iye akusala. Anthu akamasala, iye akudya. Uku si kupusa, ndi mwano wochita kukonza. Chiwaya ndataya, khitchini ndazira ndi ndowe kawiri, ndipo ndatumiza telegalamu kwa bambo ake kuti adzamutenge. Ndinalola kuti ukwatire kutali, koma kundisandutsa choseketsa cha kukachisi ndiye ayi. Akuti unamutuma ndiwe. Ngati n'zoona, umutsatire konko.

Shevanta Parab

Malvan, 23 Ogasiti 1986

Kwa inu,

Ndagwira mapazi anu, ngakhale lero ndikadakonda kuwaponda.

Ndinachita zonse mmene munalembera. Sawani anatha Lachiwiri mwezi utakhwima, ngakhale mwana amadziwa. Ndinaona ndi maso anga mabwato akulowa m'nyanja, ng'oma zikulira, ndinati basi, kunonso zatha. Nsomba ndinagula ndi ndalama imene mayi anga anandimangira pansonga ya sari. Munati adzalira. Analiradi.

Tsopano ndikudyera pakhonde, mbale yanga ili payokha. Bokosi langa lamangidwa kale, anamanga okha ndi chingwe cha ng'ombe. Bambo afika Lachitatu. Inu kwathu simukudziwa. Mtsikana wobwezedwa chaka chisanathe, anthu safunsa kuti walakwa chiyani. Mng'ono wanga Munni akufunsiridwa ukwati, ndipo anthu aja akangomva izi abwerera. Bambo anagulitsa munda wa kumtsinje chifukwa cha ukwati wathu. Ndikuopa kuwayang'ana kumaso.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti masabata awiri apitawa tinali bwino. Tinkasala limodzi, ankandipaka mafuta m'tsitsi, ankandipatsa mango a mumchere m'mawa uliwonse. Ndinkati andikonda. Kani ankakonda munthu amene kulibe.

Mimba ndilibe. Sindikudziwa anayambitsa ndani. Ngati muli ndi nzeru ina, isungeni.

Dulari

Telegalamu. Muscat, 1 Seputembala 1986

AMAYI MUSAMUBWEZE. NSOMBA NDINAMUTUMA NDINE. MASWITI NDAGAWA KALE. ANTHU NDIWAUZE CHIYANI. DIGAMBAR

Malvan, 2 Seputembala 1986

Digu,

Telegalamu yako yafika, mochedwa ngati mwini wake. Za maswiti uwauze kuti unangokondwa. Munthu wopusa safunsidwa chifukwa.

Asewele anga a Ramdhani, bambo ake a Dulari, anafika Lachitatu m'mawa pa basi ya ku Bombay, mapazi atatupa, kachikwama kamodzi m'manja. Munthu wochepa thupi, waulemu, wolankhulira pansipansi. Mlendo ndi mlendo ngakhale wabwerera mlandu, ndiye ngakhale ine ndinali kusala, poti linali tsiku lobadwa mulungu Krishna, ndinawaphikira mpunga ndi mphodza. Anakana. Ndinati mumtima, kani ndi matenda a banja lonse awa, kukankha mbale zanga. Koma akuti akusala, lero ndi tsiku lobadwa Krishna, m'mwezi wa Bhadoni.

Ndinati tsiku mwalondola, koma mwezi ndi Shiravani. Iwo akuti Shiravani anatha sabata yatha. Ndinati Krishna anabadwa mu Shiravani, funsani aliyense m'mudzi muno. Iwo akuti pepani mayi, Krishna ndi wakwathu kumpoto, mwezi umene anabadwa tikuudziwa. Apo ndiye ndinaiwala kuti ndi mlendo. Tinakangana pakhonde, anthu awiri anjala osalira Mulungu mmodzi, mpaka Vatsala anathamangira ansembe poganiza kuti tikumenyana.

A Kelkar anamvetsera mbali zonse n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo anakhalako ku Kashi, mzinda woyera wa kumpoto, ali mnyamata. Kumpoto amawerenga mwezi kuchokera pokhwima kufika pokhwima pena, ife kuchokera pamdima kufika pamdima wina. Mwezi wa kumwamba ndi womwewo, masiku a zikondwerero ndi omwewo, koma Shiravani wawo amalowa masabata awiri wathu asanalowe, n'kutulukanso masabata awiri wathu asanatuluke. Palibe amene ananama. Ndinafunsa kuti nanga wolondola ndani, akuti onse. Yankho la ansembe limenelo, lofuna kudya nyumba ziwiri.

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma maganizo anayamba kubwerera m'mbuyo okha. Ngati zili choncho, masabata aja ndinkakazinga nsomba zouma, kumutafunira pamaso, kupha tambala, unali mwezi wake woyera. M'maso mwake ine ndinkachita zomwe zija ndinamupeza akuchita, osati tsiku limodzi koma tsiku ndi tsiku. Iye chiwaya sanataye, anachitsuka. Sanatumizire munthu telegalamu. Ndinamufunsa kuti bwanji sunanene. Anati, "Ndinanena, Amayi. Munati ndikunama. Kwathu mpongozi sanena kawiri."

Mwana wanga, manyazi amene ndinachita pamaso pa akazi a ansembe anali aang'ono. Ndinadzuka kukamasula bokosi lake. Mfundo ija ndinamanga ndi mkwiyo, inakana, mpaka ndinadula ndi chikwakwa. Kenako ndinamugwira dzanja, tinayenda nyumba ndi nyumba kwa onse amene ananunkhiza nsomba ija, kukawafotokozera ndi pakamwa panga. Vatsala akuti iye ankadziwa kale.

Tsopano mvera. Kuyambira chaka chamawa nyumba ino isunga Shiravani onse awiri, kuyamba ndi wake, kumaliza ndi wanga. Masabata asanu ndi limodzi opanda nsomba, nkhuku, dzira kapena adyo. Amalume ako a Sakharam atamva anati asamukira ku Goa, kumene nsomba sisowa m'mbale. Lamuloli likukukhudza iwenso, ndipo a Ramdhani alembera Baijnath kuti azikuyang'anira mbale. Usadzatipatsenso nzeru.

A Ramdhani anakhala nafe mpaka dzulo. Tinawaperekeza kubasi ndi mtolo wa nsomba zouma, poti kwawo n'zololedwa kale. Ananyamula ndi amalume ako, ine sindinakhudze. Dulari analira pang'ono, inenso china chake chinandigwera m'maso. Asanakwere, bamboyo anapinda manja n'kuti, "Mayi, ndikumusiya m'manja mwanu kachiwiri."

Ndinawauza kuti ulendo woyamba anangomusiya, ine sindinamulandire. Dzulo ndiye ndinamulandira.

Mayi ako,
Shevanta